Makalata Amene Ndinatsomeka Kudenga

Abusa andiuza kuti ambiri mwa inu mwabwera kusukulu ndi mapepala awiri, lina la maphunziro lina la ngongole, koma kunyumba mwaonetsa limodzi lokha. Musayang'anane, ine sindikutchula munthu. Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi konkuno kwa Mwambo, kumunsi uko kumene minda ya mpunga imathera n'kuyamba matope a nyanja ya Chilwa. Achinyamata mumandidziwa ngati mphunzitsi wopuma. Akuluakulu amene akhala kumbuyoko amandidziwa ndi dzina lina, Bwana Jasi, ndipo taonani akuseka kale.

Zanga zinachitika nthawi ya chipani chimodzi. Ndinakhoza bwino, n'kupeza malo pa koleji ina ku Mangalande kuti ndikaphunzire uphunzitsi wa sayansi. Thandizo limene ndinalandira silinakwane, ndiye bungwe lina la mpingo la komweko linavomera kundikongoza zotsalazo. Linangofuna munthu wa kuno woti andiimire ndi katundu wake. Paja kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake, choncho nkhani inagwera amalume a Zuze, mlongo wawo wa amayi anga. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ali chimanjamanja, koma iwo anavutika mpaka kukhala ndi bwato la matabwa ndi khoka. Khoka limenelo ndilo linkadyetsa mbumba yonse, nyumba zitatu za alongo awo.

Amalume sankadziwa kulemba. Ku ofesi ya mpingo ku Zomba anawawerengera pepala lonena kuti ndikadzalephera kubweza, bwato ndi khoka ndiye chikole. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuviika chala chachikulu mu inki, n'kudinda. Tikutsika mtunda pobwerera anandionetsa chala chakudacho.

"Iwe Lameki, ine ndege sindidzaikwera, koma chala changachi chakwera. Ukachibweretse."

Ine ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala za anthu akale.

Patapita zaka zitatu ndinabwera ndi satifiketi, wailesi ndi jasi lalitali lofika m'mawondo. Jasilo ndinkalivala ngakhale mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato, kuti aliyense adziwe kuti munthu wachokera kozizira. Ananditumiza ku sukulu ina ya kumudzi, yoti ndinkapalasa njinga kuchokera kunyumba. Ndinakwatira Esinati, n'kumutenga chitengwa, kudzakhala pamudzi pa amayi. Anthu ankati wobwera ku Ulaya sangasowe ndalama, ndipo ine sindinawatsutse. Mwezi ukatha ndinkapita ku Songani, aliyense wondipatsa moni ndinkamugulira botolo.

Koma ngongole inali ya mapaundi, malipiro anga a makwacha, ndipo kwacha inkangotsika mphamvu. Tsiku lina ndinayesa kuwerengetsera kuseri kwa kope la mwana wasukulu. Yankho lake linali loopsa. Ndinang'amba tsambalo, ndipo sindinawerengetserenso.

Kalata yoyamba inabwera m'thumba la makalata a sukulu. Inali yabuluu, sitampa yachilendo. Kalaliki wa sukulu anaitembenuza kawiri, n'kuiyang'ana padzuwa asanandipatse. Inu ana a lero simungamvetse. Masiku amenewo kalata yochokera kunja sinali nkhani yamasewera. Kunali anthu amene anathawa m'dziko muno, ndipo wokayikiridwa kuti amalemberana nawo ankangotengedwa, osauzidwa mlandu. Mphunzitsi mnzathu wina anatengedwa ali ndi choko m'manja, ndipo palibe anafunsa. Ndiye ine ndinali ndi mantha awiri, a zimene zinali m'kati mwa envulopu ndi a maso amene ankaiona kunja kwake. Kuyankha kunkatanthauza kukaima pamzere ku positi n'kunena mokweza kuti ndikufuna sitampa ya kunja. Ndinafika nayo kunyumba, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuitsomeka m'udzu wa kudenga, pamwamba pa khomo. Ndinati ndiitsegula mwezi ukatha.

Mwezi unatha. Inabwera ina, ndinaitsomeka pafupi ndi inzake. Esinati atafunsa ndinati ndi anzanga akusukulu akungopereka moni, ndipo asauze munthu. Thumba la makalata linkabwera Lachisanu, ndiye kuyambira Lachitatu ndinkangoyang'ana kumsewu. Ndikamva galimoto pamsewu ndinkasiya chiganizo pakati, ana n'kumandiyang'ana. Ndikalowa m'nyumba mwanga ndinkawerama ngati khomo ndi lalifupi, pomwe ndinkaopa kuyang'ana kudenga.

Mowa wa m'botolo unayamba kudula, ndinatsikira ku kachasu. Poyamba Loweruka lokha, kenaka madzulo alionse, kenaka m'mawa ndisanakwere njinga, ati kuti manja asiye kunjenjemera. Ahedi anandichenjeza kawiri, mwaulemu ndithu. Kachitatu anandipeza ndagona patebulo, ana akusewera ndi moto wa m'chipinda cha sayansi. Ntchito inathera pomwepo, nditaphunzitsa zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri. Nambala imeneyo muisunge, tiipezanso kutsogolo.

Makalata sanasiye. Anayamba kudzera ku tchalitchi, ine n'kumatsomeka. Denga linayamba kudontha. Madzinja awiri Esinati ankatchera mabeseni, akundipempha kuti tifolere, ine ndikukana kwamtuwagalu. Ankaganiza kuti ndi ulesi. Atatopa anakadandaula kwa amalume, osandiuza.

Tsiku limenelo ndinalawira kukachotsa matsire. Pobwera, dzuwa lili pamutu, ndinaona patali kuti nyumba yanga yatsala mapaso okhaokha. Udzu wakale unali mulu pansi, watsopano uli m'mitolo, ndowa ya thobwa ili pamthunzi. Amuna amene anabwera kudzafolera anali atakhala patali pansi pa mtengo wa mango, osayang'ana kwa ine. Ndinafuna kubwerera, koma amalume anali atandiona kale.

Anali atakhala pachitsa. Patsogolo pawo panali mphasa, ndipo pamphasapo anali atayala makalata onse, iliyonse ataipsinja ndi kamwala kuti isauluke. Analipo khumi ndi asanu ndi anayi. Ena anali akuda ndi mwaye, ena chiswe chitadya m'mbali. Panalibe ndi imodzi yomwe yotsegula.

"Takhala pansi, aphunzitsi," anatero.

"Amalume, bwanji tikakambirane m'nyumba?"

"Nyumba yake iti? Ilibe denga iyo. Khala pompo. Uyambire yakale kwambiri. Uwerenge Chizungu, kenaka unene m'Chinyanja. Apongozi angawa anafika Sitandade 8, aima kumbuyo kwako kuti usadumphe mzere."

Esinati anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinkamva kupuma kwake. Ndinasanja makalatawo poyang'ana madeti a pa sitampa, amalume n'kundibwereka mpeni wawo wotumbulira nsomba kuti nditsegulire.

Abale anga, kalata yoyamba ija, imene ndinaiopa zaka zonsezo, inayamba ndi kundilandira kwathu. Inati bungwelo likudziwa kuti malipiro a kuno ndi ochepa. Inati ngati ndingaphunzitse pa sukulu ya kumudzi zaka zisanu, theka la ngongole lidzakhululukidwa. Chofunika chinali chakuti ahedi azisaina fomu imene anaiika momwemo, kamodzi pachaka. Theka linalo ndikanatha kulipira pang'onopang'ono m'makwacha, ku ofesi ya ku Zomba konkuno, pa mtengo wa paundi wa tsiku limene ndikanabweza fomuyo. Fomuyo inagwera pamiyendo panga, yoyera bwinobwino, ngati yabwera dzulo.

Ndinatola fomuyo n'kusiya kuwerenga. Esinati ndiye anamaliza kumasulira, akulira.

Amalume anafunsa, "Unaphunzitsa zaka zingati?"

"Zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri."

Anawerenga pa zala zawo, pang'onopang'ono. "Ndiye kuti inatsala isanu."

"Eya, amalume."

"Pitiriza."

Ndinawerenga onse, dzuwa likundiwotcha pamutu. Yachiwiri ndi yachitatu zinkafunsa ngati ndili bwino, ngati ndasamuka. Apakati anayamba kuuma. Ina inati mwayi wa fomu uja watha. Ina inati chiwongoladzanja chayamba kuwerengedwa. Yomaliza, imene inali itakhala kudenga miyezi iwiri, inati nkhani yaperekedwa kwa loya wa m'dziko mommuno, ndipo ngati sipamveka kanthu pofika kumapeto kwa Novembala, adzabwera kudzatenga chikole. Apo n'kuti Okutobala ali pakati.

Ndinkadikira kuti andikalipire. Ndinkafuna ndithu kuti andimenye, mwina mtima ukanapepuka. Iwo anangoyang'ana chala chawo chachikulu nthawi yaitali.

"Ana khumi ndi anayi amadya pa khoka lija," anatero. "Iwenso unakulira pomwepo. Bwanji sunandiuze?"

Ndinayamba kufotokoza za mantha, za kalaliki, za mphunzitsi anatengedwa uja, za a chipani. Anandidula.

"Ngati ukuopa a chipani, tiyambira komweko. Mangani makalatawa. Inu uko, kwerani mufolere, mvula siidikira manyazi a munthu."

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ananditengera kwa tcheyamani wa chipani wa dera lathu, bambo wina amene anali ndi kagolosale. Ndinkayenda ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Amalume anaika mtolo wa makalata pa kauntala n'kunena kuti, "Awa ndi a mphwanga uyu. Muwaone nokha."

Tcheyamani sanadabwe. "Timawadziwa amenewa," anatero. "Takhala tikusunga chiwerengero chake akamabwera. Chimatidabwitsa n'chakuti munthu akulandira makalata akunja koma ku positi sanaonekeko. Ena amati ndiye kuti mayankho amadzera pa bwato, kutsidya. Dzina lanu, aphunzitsi, linatsala pang'ono kupita ku Zomba."

Ndinamva kuzizira thupi lonse, ndili m'jasi. Kubisa kumene ndinkati kukunditeteza ndiko kunkandikumbira dzenje. Bamboyo anawerenga makalata atatu, akutsata ndi chala, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Ngongole basi? Zaka zonsezi, ngongole?" Atatha kuseka anandifunsa khadi la chipani. Langa linali lakale. Amalume anamasula kansalu kawo n'kundigulira lina.

M'mawa mwake ndinapopa njinga, amalume pakaliyala, ulendo wa ku Zomba. Linali tsiku langa loyamba osalawa kanthu, ndipo panjira ndinasanza kawiri. Ku ofesi ya mpingo tinapeza mayi wina, mlembi, wosakonda kuzungulira. Anati za kukhululuka theka ndiiwale. Za mtengo wakale wa paundi ndiiwalenso. Chimene akanatha n'kupempha loya kuti adikire, ngati tingapereke ndalama yooneka mwezi usanathe, ndiponso ngati ine mwini ndingalembe kalata ku bungwelo. Anatchula ndalamayo. Ine ndinayang'ana pansi. Amalume anafunsa funso limodzi lokha.

"Tikapereka imeneyo, khoka alisiya?"

"Alisiya, bola mwezi uliwonse pazibwera kanthu. Mukadumpha miyezi iwiri yotsatizana, abwera."

Sabata yomweyo amalume anagulitsa bwato. Analigula munthu wa ku chilumba cha Chisi. Ndinaima padoko ndikuona mwini wake watsopano akulikankhira m'madzi, amalume akumuuza mbali imene limalowa madzi, ngati akupereka mwana ku ukwati. Amayi anga ndi alongo ena a amalume anaima poteropo, osandilankhula. Ndagonapo m'ngalande nditaledzera, ndachotsedwapo ntchito pamaso pa ana, koma pansi penipeni pa moyo wanga ndi padoko paja.

Tsono mmene ndinabwererera. Sizinachitike tsiku limodzi, ndipo musayembekezere zozizwitsa. Ndinalemba kalata ija, yopanda Chizungu chokometsera. Ndinati ndinaopa, ndinabisa, ndinamwa, ntchito inatha, ndipo ndikhoza kupereka mwakutimwakuti pamwezi. Ndinakaima pamzere ku positi n'kunena mokweza kuti ndikufuna sitampa ya kunja. Palibe ngakhale mmodzi anatembenuka.

Amalume analamula kuti makalata onse azibwera m'dzina lawo. Kalata ikafika, ankandiitanitsa tsiku lomwelo, kaya ndili kumunda, ndipo ndinkaiwerenga panja, Esinati ali kumbuyo. Mantha analipobe nthawi iliyonse, sindikunama. Koma ndinaona kuti kalata yotsegula imaluma kamodzi, pomwe yotseka inkandiluma tsiku lililonse.

Ntchito ndinayamba ya khoka lomwelo. Tinkabwereka bwato la eni, n'kumawagawira nsomba. Manja a choko anatuluka matuza, n'kuphulika, n'kuuma. Matemba akauma ndinkawamanga pa njinga mpaka ku Songani, n'kukhala pansi ndi dengu pamalo pomwe ndinkagulira anthu mowa. Amene ndinkawagulira aja ankadutsa n'kumati, "Bwana Jasi, matemba bwanji lero?" Ndinkawauza mtengo. Jasilo ndinagulitsa kwa mlonda wina wa ku Zomba, amene ankalifunadi. Ndalama iliyonse inkapita m'manja mwa Esinati, ndipo ya ngongole inkapatulidwa tisanagule mchere. Mowa ndinagwa nawo kawiri. Kawiri konseko ndinakanena ndekha kwa amalume m'mawa mwake, chifukwa ndinali nditadziwa kuti matenda anga enieni ndi kubisa.

Chaka china nyanja inaphwa, madzi anathawira kutali, khoka linangopachikidwa. Mwezi umodzi tinadumpha. Wachiwiri ukuyandikira, tulo tinasowa, ndipo maganizo akale anabwerera, oti ndingokhala chete mwina saona. M'malo mwake ndinapalasa kupita kwa mayi mlembi uja tsiku lisanakwane, n'kumuuza mmene zinthu zilili. Analemba kalata, ndipo anatilola kupereka theka mpaka madzi atabwerera. Tinalipeza thekalo ndi ganyu wa m'minda ya mpunga, ine ndi Esinati. Patapita zaka zitatu ahedi a sukulu ina anandiyesa, ndipo ndinaphunzitsa kumeneko mpaka kupuma.

Ndiye inu amene mwakhala apa, ndilibe nzeru zambiri zokupatsani. Dziwani kuti ngongole yanu ikuwerengedwa m'ndalama yanji, chifukwa mukadya m'makwacha n'kumabweza m'ndalama ya eni, imakula inu muli m'tulo. Funsani ngati pali mwayi wa obwerera kwawo, pakuti wanga unali m'kalata yoyamba. Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, kanenereni tsiku lisanafike. Koposa zonse, amene anakuimirani auzeni lero. Ngongoleyo si yanu nokha, pali munthu amene anaikapo chala.

Kuti ndimalize ngongole yanga zinanditengera zaka zisanu ndi zinayi. Kalata yomaliza inabwera yonenepa. Apo n'kuti amalume atakalamba, maso akuchita khungu, kunyanja atasiya kupita. Khoka linali likugwirabe ntchito m'manja mwa adzukulu awo. Ndinawerenga panja monga mwa nthawi zonse, kuti ngongole yatha ndipo chikole chamasulidwa. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. M'kati mwa envulopumo munalinso pepala lina lachikasu, lopindika pakati. Linali lija anadinda ku Zomba, atalibweza.

"Ndipatse kuno," anatero.

Ndinawagwira dzanja n'kuwalozera pamene panali chidindo. Anaika chala chawo pomwepo.

"Chabwera," anatero. "Chinachedwa, koma chabwera. Tsopano bwato."

Ndinayamba kugula matabwa, limodzi mwezi uliwonse, n'kumawasanja pakhonde pawo kuti aume. Ankawasisita ndi dzanja n'kumandiuza loipa ndi labwino. Mmisiri anati pafunika khumi ndi awiri. Tinali titafika pa asanu ndi limodzi pamene amalume anamwalira, ndipo matabwa omwewo ndi amene tinakhomera bokosi lawo.

Mpeni wawo uja ndili nawo m'thumba muno. Tikatuluka ndikhala pakhonde la tchalitchi. Amene muli ndi kalata yosatsegula, kaya ili m'sutikesi kaya ili m'foni, bwerani nayo. Tiyambira yakale kwambiri.